Dzanzi pamilomo, moto palilime: kaphikidwe ka anthu a ku Sichuan

Kanthu kake n'kakang'ono kuposa njere ya nandolo, kofiirira, ka timatuza pakhungu, ndipo kamakhala kong'ambika pakati ngati kayasamula. Ukakaponya m'kamwa n'kutafuna, poyamba umangomva kafungo konga ka khoko la ndimu, n'kumati palibe chachilendo apa. Pakadutsa masekondi 10 kapena 20 nsonga ya lilime imayamba kunyerenyetsa, milomo n'kuyamba kunjenjemera yokha, malovu n'kudzaza m'kamwa. Ukamwera madzi, madziwo amamveka achilendo. Amene anagusitsapo lilime pa batire ali mwana akudziwako pang'ono zimene ndikunenazi.

Anthu a ku China amakatcha huajiao, ndipo kumene kamalemekezedwa koposa ndi ku Sichuan, chigawo cha kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo. Azungu anakapatsa dzina la tsabola koma si tsabola ayi. Ndi khoko la kachipatso ka mtengo waminga wa m'banja limodzi ndi malalanje ndi mandimu, wa mtundu umene akatswiri a zomera amati Zanthoxylum. Kanjere kakuda ka m'kati amataya chifukwa kamalumika ngati mchenga. Mtengowu uli ndi mbale wake kuno kwathu, mlunguchulu, womwe anzathu a ku Zambia amati pupwe. Huajiao alipo wofiira, wa fungo lozama, ndi wobiriwira, wa fungo la ndimu kwambiri. Wotchuka ndi wa m'boma la Hanyuan, amene kale ankatumizidwa kwa mfumu yaikulu ya dziko lonse ngati mtulo.

Dzanzi limeneli iwo amalitcha ma. Kuwawa kwa tsabola weniweni amati la. Ukaphatikiza mawu awiriwa umapeza mala, dzina limene lero lamveka m'malesitilanti a ku London, Johannesburg ndi New York. Ambiri amaganiza kuti ndi chinthu chimodzi, moto wochuluka basi. Thupi limaziona mosiyana kwambiri.

Mu tsabola muli kapusaisini, mankhwala amene amakakhala pa kachitseko ka mitsempha kotchedwa TRPV1. Ntchito yeniyeni ya kachitsekoka ndi kuchenjeza ubongo pamene chinthu chatentha kupitirira madigiri 43. Ndiye ukadya tsabola ubongo umanamizidwa kuti m'kamwa mukupsa, n'chifukwa chake thukuta limatuluka ngakhale chakudya chili chozizira. David Julius, amene gulu lake linatulukira kachitsekoka mu 1997, analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Huajiao yekha amadzera njira ina. Mankhwala ake, a dzina la sanshool, amasokoneza mitsempha yomva kukhudza. Ofufuza a ku University College London mu 2013 anapaka huajiao pamilomo ya anthu, kenako n'kuwagwiritsa pachala kachipangizo konjenjemera kuti afanizire. Anapeza kuti milomo imamva ngati ikunjenjemezedwa pafupifupi ka 50 pa sekondi imodzi. Milomoyo sikuti imasunthadi. Mitsempha ndiyo imatumiza uthenga wabodza.

Ophika amati dzanzi limapatsa lilime mpata wopuma kuti lilandire moto wina. Mmene ndimaonera, ubwino wake umaposa pamenepo: m'kamwa mukachita dzanzi, mchere, kuwawasa ndi kutsekemera zimamveka mwa mtundu wina, ngati munthu wasintha lilime pakati pa chakudya.

Tsabola ndi mlendo

Sichuan ndi dera lalikulu, lokula pafupifupi kanayi kuposa Malawi, ndipo kalembera wa 2020 anapeza anthu opitirira 83 miliyoni. Mzinda wa Chongqing unali mbali ya chigawochi mpaka mu 1997 pamene unapatsidwa ulamuliro wakewake, koma pa nkhani ya mphika awiriwa ndi pachibale. Kum'mawa kwa chigawochi ndi chidikha chachikulu chozingidwa ndi mapiri, chachinyezi ndi nkhungu yosatha, mwakuti pali mwambi wakale wonena kuti agalu a kumeneko amauwa akaona dzuwa. Nthaka ndi yachonde. Cha m'ma 256 Yesu asanabadwe, bwanamkubwa Li Bing anagawa madzi a mtsinje wa Min pamalo otchedwa Dujiangyan, ndipo ngalande zakezo zikuthirirabe minda yozungulira Chengdu, likulu la Sichuan, mpaka lero. N'chifukwa chake derali amalitcha dziko la mwanaalirenji.

Buku la mbiri ya derali lolembedwa ndi Chang Qu m'zaka za m'ma 300 linanena kale kuti anthu akumeneko amakonda zokoma ndi zonunkhira mwaukali. Koma nthawi imeneyo tsabola kunalibe. Ukali wawo unkachokera ku huajiao, jinja, njere za mpiru ndi kachipatso kena kowawa kotchedwa zhuyu, komwe lero kanaiwalika. Huajiao anali wamtengo wapatali kotero kuti mu ufumu wakale wa Han zipupa za zipinda za mkazi wa mfumu ankazizira ndi dothi losakaniza naye, kufuna fungo, kufunda, ndi chizindikiro cha ana ambiri popeza mtengowo umabala njere zochuluka.

Tsabola kwawo ndi ku America. Anayenda ndi zombo za amalonda a ku Portugal ndi Spain m'zaka za m'ma 1500, ulendo womwewo umene unamufikitsa ku magombe a Africa n'kutipatsa kambuzi wathu. Ku China anatchulidwa koyamba m'buku la mu 1591, ndipo wolembayo, Gao Lian, anamuika m'gulu la maluwa okongoletsa pakhomo. Panapita zaka zoposa 100 anthu akungomuyang'ana. Oyamba kulembedwa kuti akumudya ndi anthu a m'mapiri a Guizhou, chigawo chosauka choyandikana ndi Sichuan. Zolemba za boma za mu 1721 zimati ankamugwiritsa ntchito m'malo mwa mchere, umene unali wodula kwambiri kumeneko. Ku Sichuan dzina lake limayamba kuoneka m'zolemba chapakati pa zaka za m'ma 1700, ndipo anakhazikika m'mphika wa aliyense m'zaka za m'ma 1800. Mpaka lero anthu a ku Chengdu amamutcha haijiao, tsabola wa kunyanja, ngakhale kuti iwo nyanja ali nayo kutali zedi.

Anthu amene anamulandira analinso alendo. Nkhondo za m'zaka za m'ma 1600, pamene ufumu wa Ming unkagwa ndipo wa Qing unkalowa, pamodzi ndi njala ndi miliri, zinapulula anthu a ku Sichuan mpaka midzi yambiri inasanduka thengo. Dzina la mtsogoleri wa zigawenga Zhang Xianzhong limatchulidwabe ndi mantha pa nkhaniyi. Mafumu a Qing anaitana anthu a ku Hubei, Hunan, Guangdong, Fujian, Jiangxi ndi Shaanxi kuti adzalime minda yosiyidwa, powalonjeza malo ndi kuwachepetsera msonkho. Aliyense anabwera ndi mtsuko wake ndi kaphikidwe ka kwawo. Chimene lero timati chakudya cha makolo a ku Sichuan chinapsa m'zaka 200 kapena 300 zapitazi, pamoto wosonkhezedwa ndi anthu obwera.

Mukawafunsa eni ake chifukwa chimene amadyera tsabola chonchi, yankho limabwera msanga: chinyezi. Malinga ndi mankhwala achikhalidwe a ku China, chinyezi chikalowa m'thupi chimabweretsa kulemera ndi kuphwanya kwa mafupa, ndipo zowawa zimachitulutsa kudzera m'thukuta. Ndi chikhulupiriro chozama ndipo sindikuchinyoza, koma pachokha sichikwanira. Ku Guangdong nakonso n'kwachinyezi, komatu anthu ake amadya zofatsa. Chifukwa china chimene chimandigwira mtima ndi umphawi. Tsabola amamera paliponse, ngakhale kuseri kwa nyumba, ndipo safuna ndalama. Anthu a ku China ali ndi mawu akuti xiafan, kutanthauza ndiwo zotsitsa mpunga. Aliyense amene anadyapo mitanda itatu ya nsima ndi kandiwo kochepa kothira kambuzi sangafunse tanthauzo lake. Kwa nthawi yaitali anthu olemera ankaona tsabola ngati chakudya cha amtengatenga ndi opalasa mabwato.

Mchere, dzuwa ndi kudikira

Munthu akafuna kumvetsa mphika wa ku Sichuan ayambire pa mchere. Derali lili kutali ndi nyanja koma pansi pake pali madzi amchere, ndipo anthu akhala akukumba zitsime zowatungira kwa zaka zoposa 2,000. Mzinda wa Zigong unamangidwa pa ntchito imeneyi. Ankaboola mwala ndi chitsulo cholemera chomangirira ku chingwe cha nsungwi, kuchikweza ndi kuchigwetsa, tsiku ndi tsiku kwa zaka. Chitsime cha Shenhai chinafika mamita 1,001 mu 1835, choyamba padziko lonse kupitirira mamita 1,000. M'zitsime zomwezo munkatuluka gasi, amene ankamuyendetsa m'mipope ya nsungwi kukawiritsira madzi amcherewo. Njati zoweta ndizo zinkazungulitsa mikombero yokokera madzi, ndipo zikatopa n'kulephera ntchito zinkaphedwa. Nyama yake yolimbayo antchito ankaidula mopyapyala n'kuiwiritsa ndi mchere ndi huajiao. Kumeneko n'kumene amati kunachokera shuizhu niurou, dzina longotanthauza nyama ya ng'ombe yowiritsa m'madzi. Dzinali lapusitsa alendo ambiri, chifukwa chimene chimabwera patebulo ndi beseni lofiira la msuzi, pamwamba atathira tsabola wosinja, huajiao ndi mafuta owira amene amafika akadali kuthetheka.

Mchere wabwino umabala zosunga zabwino. Pafupifupi khomo lililonse lili ndi mtsuko wa paocai, masamba oviika m'madzi amchere. Mtsukowo uli ndi kangalande kuzungulira kukamwa. Amathiramo madzi n'kuvundikira mbale mozondotsa, kotero mpweya wa m'kati umatuluka koma wakunja sulowa. Usiku umamveka kulira kuti thu, thu, pamene mpweya ukudutsa m'madzimo. M'katimo mumakhala kabichi, jinja, nyemba zaziwisi zazitali, ndi tsabola wofiira. Madzi akalewo satayidwa, amangowonjezeredwa mchere ndi kachasu pang'ono, ndipo m'mabanja ena amadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi.

Koma chimene eni ake amachitcha mzimu wa kaphikidwe kawo ndi doubanjiang wa ku Pixian, dera limene tsopano lili mbali ya Chengdu pa dzina la Pidu. Ndi phala lofiira lopangidwa ndi zinthu zinayi zokha: nyemba zikuluzikulu zaphwatalala za mtundu wa fava, tsabola wamtali wotchedwa erjingtiao, mchere ndi ufa wa tirigu. Nyembazo amazisenda, kuzigubuduza mu ufa n'kuzisiya zichite nkhungu mwadala. Tsabola amamudula n'kumuthira mchere payekha. Kenako amaphatikiza zonse m'mbiya zikuluzikulu zondandalikidwa pabwalo, mazanamazana. Kukacha antchito amavundukula mbiya kuti dzuwa lilowe, n'kuvundula phalalo ndi mtengo. Usiku amazisiya zilandire mame. Mvula ikangoyamba amathamanga kukavundikira. Izi zimachitika tsiku lililonse kwa chaka chimodzi, ziwiri, zitatu kapena kuposa, phalalo likusintha kuchoka pa kufiira kowala mpaka kuderako ngati dothi la katondo lonyowa. Mbiri ya m'derali imati anayambitsa ndi banja la a Chen, obwera kuchokera ku Fujian.

Ukalawa doubanjiang wokhalitsa, tsabola samveka kwambiri. Chimamveka ndi mchere ndi kukoma kozama kofanana ndi kwa nyama. Supuni imodzi yokazingidwa m'mafuta pamoto wochepa, mpaka mafutawo atafiira, imasintha mphika wonse. Ukafulumira ndi moto waukulu limapserera n'kuwawa ngati mankhwala. Pambali pake pamakhala nyemba zakuda zowola bwino za ku Yongchuan, viniga wa Baoning wochokera ku Langzhong, masamba a mpiru osungidwa a ku Yibin otchedwa yacai, ndi mafuta achikasu a mbewu ya repu, amene fungo lake ndi lomwe limakulonjera ukamadutsa m'tinjira ta Chengdu nthawi ya chakudya.

Ngakhale mafuta a tsabola ali ndi mwambo wake. Wophika wodziwa amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu: erjingtiao chifukwa cha fungo ndi mtundu, chaotianjiao, amene zipatso zake zimaloza kumwamba, chifukwa cha ukali. Amakazinga, kusinja mumtondo, kenako kuthira mafuta otentha kangapo, oyamba otentha kwambiri kuti atulutse fungo, otsiriza ofundirako kuti atulutse kufiira. Amasiya usiku wonse asanagwiritse ntchito.

Mbale zana, makomedwe zana

Ophika a ku Sichuan amanyadira mawu akuti yi cai yi ge, bai cai bai wei: ndiwo iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndiwo zana makomedwe zana. M'masukulu ophunzitsa kuphika amaphunzitsa makomedwe osakaniza oposa 20, lililonse ndi dzina lake ndi muyeso wake, ndipo mala ndi limodzi chabe mwa amenewa. Pali yuxiang, fungo la nsomba, m'mene mulibe nsomba ngakhale pang'ono. Ndi tsabola wa mumtsuko, adyo, jinja, anyezi wamasamba, shuga ndi viniga, zinthu zimene kale ankaphikira nsomba. Mabilinganya ophikidwa motere amakoma mwakuti nyama suikumbuka. Pali lizhi, lotchedwa dzina la chipatso cha lychee ngakhale mulibe chipatsocho, kungoti kuwawasa kumatsogola ndipo kutsekemera kumatsatira. Pali guaiwei, kukoma kwachilendo, kumene mchere, shuga, viniga, chitowe chopera, tsabola ndi huajiao zonse ziyenera kumveka popanda china kupondereza chinzake. Ophika amati limeneli ndi limene limaulula ngati dzanja la munthu lakhwima.

Tiyeni tiime pa mbale imodzi, mapo doufu. Tofu ndi chibuma choyera chofewa chopangidwa poumitsa mkaka wa soya, ndipo pachokha sichimveka kukoma kulikonse. Mbiri imati cha m'ma 1862, pafupi ndi mlatho wa Wanfu kumpoto kwa Chengdu, panali kanyumba kodyera ka banja la a Chen. Pamlathopo pankadutsa amtengatenga onyamula mafuta a repu kupita nawo mumzinda. Ankagula tofu ndi kanyama ka ng'ombe, n'kutunga mafuta pang'ono m'mitsuko imene anyamula, n'kupempha mayi wa pamalopo kuti awaphikire. Mayiyo anali ndi zipsera za nthomba kumaso. Ma amatanthauzanso zipsera zoterezi, po ndi mayi wachikulire, ndiye chakudyacho chinangotchedwa tofu wa mayi wa zipsera. Dzina lachipongwe ndithu, koma lesitilanti yotchedwa Chen Mapo ilipobe ku Chengdu.

Kaphikidwe kake n'kotere. Tofu amamudula timabokosi n'kumuviika m'madzi otentha amchere kuti alimbeko. M'chiwaya chakuya amakazinga nyama ya ng'ombe yogaya mpaka itauma n'kumachita khrupu. Amachepetsa moto, kuika doubanjiang, kudikira mafuta afiire, kenako nyemba zakuda ndi tsabola wosinja. Amathira msuzi, n'kutsetserekeramo tofu mosamala. Apa savundula. Amakankha pang'onopang'ono ndi kumbuyo kwa chipande kuti timabokosito tisaphwanyike. Amaika masamba a adyo. Ndiye pamabwera chinsinsi: madzi osakaniza ndi sitalichi amathira katatu, pang'onopang'ono, chifukwa tofu amapitiriza kutulutsa madzi, ndipo ukathira kamodzi msuzi umasungunukanso mbale isanafike patebulo. Pomaliza amawaza huajiao wokazinga ndi kusinja tsiku lomwelo. Anthu a ku Chengdu amaiweruza mbaleyi ndi mawu angapo: ichite dzanzi, iwawe, itenthe, inunkhire, nyama ikhale yokhrupuka, tofu akhale wofewa koma wathunthu. Mafuta ofiira a pamwamba amasunga kutentha, ndiye wosadziwa amapsa lilime ndi supuni yoyamba.

Gongbao jiding, nkhuku yodula timabokosi yokazinga ndi mtedza ndi tsabola wouma, ili ndi dzina la munthu wamkulu. Ding Baozhen, wobadwira ku Guizhou mu 1820, anali bwanamkubwa wa Sichuan kuyambira 1876 mpaka imfa yake mu 1886, ndipo gongbao unali udindo wake waulemu. Pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale cha Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, dzinali linaoneka lachifumu kwambiri moti malesitilanti analisintha kwa kanthawi. Yophikidwa bwino siwawa kwambiri. Tsabola amangomudetsa pang'ono m'mafuta kuti apereke fungo, ndipo sadyedwa, amakankhidwira pambali.

Koma mukafunsa munthu wa ku Sichuan amene ali kutali ndi kwawo chimene akuchilakalaka, kawirikawiri amatchula huiguorou, nyama yobwerera mumphika. Ndi nyama ya nkhumba yamafuta yowiritsa yathunthu, kuiziziritsa, kuidula mopyapyala, n'kuikazinga mpaka zidutswa zitapindika ngati timbale ta nyali, pamodzi ndi doubanjiang ndi masamba a adyo. Amati inayambira pa nsembe: nyama yowiritsa inkaperekedwa kwa makolo, mwambo ukatha n'kubwezedwa pamoto kuti amoyo adye. Kale antchito ankapatsidwa nyama kawiri pamwezi, pa 2 ndi pa 16 pa kalendala yotsata mwezi, ndipo tsiku lotero ankalitcha nsembe ya mano.

Zina n'zamumsewu. Dandan mian ndi noodles za m'kambale kakang'ono, zotchedwa dzina la mtengo umene wogulitsa ankanyamulira paphewa, mbaula mbali ina, mbale mbali ina. Fuqi feipian ndi zidutswa zozizira za lilime, mtima ndi chifu cha ng'ombe m'mafuta a tsabola, zimene Guo Chaohua ndi mkazi wake Zhang Tianzheng ankagulitsa m'misewu ya Chengdu m'zaka za m'ma 1930.

Mphika wa padoko

Huoguo, mphika wamoto, kwawo ndi ku Chongqing, pamene mtsinje wa Jialing umathira mu Yangtze. Zaka 100 zapitazo m'mphepete mwa madoko munali malo ophera ng'ombe, ndipo zam'kati zinkagulitsidwa motchipa kapena kutayidwa. Opalasa mabwato ndi onyamula katundu ankaziwiritsa mumsuzi wa mafuta a ng'ombe, tsabola ndi huajiao wambiri, kufuna kupha fungo ndi kufunditsa thupi m'nyengo yozizira. Ogulitsa ankaika chitsulo chogawa mphika m'zigawo kuti anthu osadziwana adyere mumphika umodzi, aliyense ndi kachipinda kake, n'kulipira malinga ndi timbale timene wamaliza.

Chitsulo cha zigawo 9 chija chilipobe, ngakhale ntchito yake inasintha. Pakati, pamene pamawira kwambiri, ndi poviika zopsa msanga. M'mbali ndi mophikira zofuna nthawi monga magazi oundana ndi bongo wa nkhumba. Mfumu ya patebulo ndi maodu, chifu cha ng'ombe chamasamba chija. Umachigwira ndi timitengo todyera, kuviika, kutulutsa, kuviikanso, ndipo lamulo lake amati qi shang ba xia, kasanu n'kawiri m'mwamba, kasanu n'katatu pansi, pafupifupi masekondi 15. Ukachedwa ndi nkhani chimalimba ngati lamba. Ukachitulutsa umachiviika m'kambale ka mafuta a chitowe ndi adyo wosinja, amene amaziziritsa ndi kuchotsako ukali. Matumbo a bakha amachitidwa chimodzimodzi. Anthu amakhala mozungulira kwa maola awiri kapena atatu, phokoso lili pamwamba, malaya atanyowa, ndipo msuzi umanka nuwawirawawira pamene madzi akuphwera. Ku Chongqing ena mwa malo otchuka ali m'mapanga amene anakumbidwa pothawa mabomba a ndege za Japan, nthawi imene mzindawu unali likulu la China pa nkhondo ya 1937 mpaka 1945. Kwa amene sapirira kuli mphika wogawa pawiri, mbali ina yofiira, ina yoyera, ngakhale eni mzinda amauyang'ana monyodola pang'ono.

Madzi sathandiza pamenepa chifukwa kapusaisini sasungunuka m'madzi. Amamwa mkaka wa soya kapena wa mtedza, ndipo pomaliza amadya bingfen, chakudya chozizira chonjenjemera ngati jele chothira madzi a shuga wofiirira.

Huoguo ndi amene wanyamula dzina la Sichuan kupita nalo kutali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 anthu mamiliyoni a m'chigawochi anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a kugombe, ndipo kulikonse kumene anafika kunatsegulidwa malo odyera a kwawo. Kampani ya Haidilao, imene inayamba mu 1994 m'tauni ya Jianyang ndi matebulo anayi, lero ili ndi nthambi m'mayiko ambiri. Ku America huajiao anali woletsedwa kulowa kuyambira 1968 mpaka 2005 poopa matenda a mitengo ya malalanje, ndipo kwa zaka zambiri odya ambiri kumeneko ankadziwa la kuposa ma. Mu 2010 bungwe la UNESCO linatcha Chengdu mzinda wa luso la zakudya, woyamba ku Asia.

Kutchukaku kuli ndi mtengo wake, ndipo ophika achikulire a ku Chengdu amadandaula poyera. Tsabola wambiri amagulitsa malonda, amaoneka bwino pa chithunzi cha pafoni, amabisa nyama yogona, ndiponso safuna wophika wa zaka 10 za maphunziro. Msuzi wa huoguo ungathe kupangidwa kufakitale n'kutumizidwa m'mapaketi. Ine ndili kumbali ya achikulirewo. Mbale imene yangofiira popanda kumveka viniga, shuga pang'ono ndi kukoma kwa nyemba zokhalitsa ndi yaulesi, ngakhale itakutulutsa misozi.

Umboni uli pa maphwando awo enieni. Kumidzi, pa ukwati, pa maliro kapena pokondwerera zaka za gogo, amayala matebulo pabwalo, anthu 8 patebulo lililonse, n'kubweretsa chimene amati mbale zazikulu 9. Zambiri mwa izo ndi zophikidwa pa nthunzi m'madengu a nsungwi osanjikizana kutalika kuposa munthu, ndipo tsabola samveka. Mumakhala nyama ya nkhumba yamafuta yogonekedwa pa yacai, nyama yokutidwa ndi ufa wa mpunga, ndi ina yotsekemera yopanidwa ndi phala la nyemba pamwamba pa mpunga womata, imene agogo opanda mano amaiyembekezera. Kuli bakha wofukizidwa ndi utsi wa masamba a tiyi. Alendo olemekezeka ankalandiridwa ndi zotere, osati ndi moto.

Ndipo mbale imene ophika amaiopa koposa ilibe ngakhale kadontho kofiira. Dzina lake ndi kaishui baicai, kabichi wa m'madzi owira, ndipo amati anaiyambitsa ndi Huang Jinglin, mbadwa ya Chengdu amene anagwirapo ntchito kukhitchini ya kunyumba yachifumu ya Qing. Masamba ake ndi a m'banja la chainizi, koma amangotenga mtima wachikasu wa m'kati. Madziwo si madzi. Ndi msuzi wa nkhuku yaikazi yokalamba, bakha, mafupa ndi mwendo wa nkhumba woumitsa ndi mchere, wowiritsidwa pamoto wochepa kwa maola ambiri. Kenako wophika amasinja nyama ya nkhumba yopanda mafuta, kuisungunula m'madzi ozizira n'kuithira mumsuziwo. Nyamayo ikamapsa imayandama itakoka zinyalala zonse, ndipo amaiwengula. Amabwerezanso ndi chidali cha nkhuku chosinja, kawiri kapena katatu, mpaka pansi pa mphika pataoneka. Mbale ikafika patebulo mlendo amaona kabichi mmodzi atakhala m'madzi oyera mbee, popanda ngakhale diso limodzi la mafuta, ndipo ambiri amayamba ayang'ana woperekera zakudya ngati walakwitsa tebulo. Imaperekedwa pa maphwando a boma ku Beijing.